Momwe Samba Inapezera Nyali Zake

Mzinda wa Rio de Janeiro, umene masiku ano umatchuka ndi kuwala kwa chikondwerero cha Carnaval, unakhala zaka zoposa 200 uli mumdima wa ndiweyani. Apwitikizi anaukhazikitsa mu 1565, ndipo kwa nthawi yaitali kuwala kokha kumene munthu ankakupeza mumsewu usiku kunali kwa tinyali timene Akatolika ankayatsa patsogolo pa zifanizo za oyera mtima, m'timapanga toboola m'makona a nyumba. Wolemera akafuna kuyenda usiku ankatsogoza kapolo atanyamula muuni. Nyali za boma zinayamba kupachikidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo zinkayaka ndi mafuta a anangumi, popeza nyama zimenezi zinkaphedwa zambiri m'nyanja za kufupi ndi mzindawo. Mafutawo ankanunkha, ankachita utsi, ndipo kuwala kwake kunali kofiirira. Mwezi ukawala bwino nyalizo sankaziyatsa n'komwe. Amene ankazipukuta mwaye, kuzithira mafuta ndi kuziyatsa madzulo alionse anali akapolo.

Akapolowo anali ochuluka zedi. Dziko la Brazil linalandira anthu ogwidwa ku Africa oposa 4 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse la kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Ku Rio ambiri ankatsikira padoko la Valongo, limene linamangidwa mu 1811. Ochuluka ankachokera ku Angola ndi ku Congo, koma m'zaka zimenezo zombo zinayamba kuzungulira kumunsi kwa Africa kudzatenga anthu ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique. Ena mwa anthuwa anagwidwa m'chigwa cha Zambezi ndi kumtunda kwake, pakati pa Amakua, Ayao ndi Amaravi. Atafika ku Rio maina a mitundu yawo anafufutika, m'kaundula n'kungolembedwa kuti Moçambique kapena Quilimane. Mpaka lero m'madera ena a Brazil muli gule wotchedwa Moçambique, amene amavinidwa pa zikondwerero za tchalitchi. Tikamanena za ng'oma za ku Rio, tidziwe kuti abale athu ena anaponda nawo bwalo limenelo.

Usiku sunali wawo. Mu 1825 mkulu wa apolisi, Teixeira de Aragão, analamula kuti belu lizilira 10 koloko usiku, ndipo kapolo wopezeka mumsewu belulo litalira ankasechedwa, nthawi zina n'kukwapulidwa. Magule a anthu akuda ankachitikira kuseri, m'mabwalo a kumbuyo kwa nyumba ndi kunja kwa mzinda, mozungulira moto. Motowo unali ndi ntchito ziwiri, kuunikira ovina ndi kuwambira ng'oma kuti chikopa chikungike, monga amachitira woimba ng'oma aliyense wa kumudzi.

Carnaval ya masiku amenewo inali ya masana. Apwitikizi anabwera ndi masewera otchedwa entrudo, ochitika masiku atatu Lenti isanayambe, pamene anthu ankathirana madzi, ufa ndi zina zosayenera kutchula. M'nyumba za olemera ankaumba timipira ta phula n'kuthiramo madzi onunkhira, tolasirana pa zenera. Masewera otere safuna nyali. Zinthu zinasintha mu 1854, pamene wamalonda Irineu Evangelista de Sousa, amene anapatsidwa ulemu wa Barão de Mauá, anayatsa nyali za gasi pakati pa mzinda. Chaka chotsatira, 1855, gulu la anthu ophunzira ndi achuma linayenda mumsewu litavala zovala za ku Ulaya, pangolo zokokedwa ndi akavalo. Apa ndi pamene panayambira magulu akuluakulu monga Tenentes do Diabo, Democráticos ndi Fenianos, amene ngolo zawo zokongoletsedwa zinkatuluka usiku wa Lachiwiri, zikuunikiridwa ndi moto wa wonga woyaka mofiira ndi mobiriwira. Anthu wamba ankangoima m'mbali n'kumaombera m'manja.

Ukapolo unatha pa 13 Meyi 1888. Magetsi anali atayamba kale kuoneka, pakuti mu 1879 anayatsidwa pasiteshoni yaikulu ya sitima, koma anafalikira kwenikweni kampani ya ku Canada, imene anthu a ku Rio amangoitchula kuti Light mpaka pano, itayamba ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Meya Pereira Passos anagwetsa nyumba mazanamazana za anthu osauka kuti alambule msewu waukulu wa Avenida Central, umene unatsegulidwa mu 1905 uli ngwee ndi magetsi. Ogwetseredwa nyumbawo anakwera m'mapiri kukamanga zisakasa, ena anatsata njanji kupita ku madera a kunja kwa mzinda monga Madureira ndi Oswaldo Cruz. Kumeneko waya wa magetsi sunafike. Ankaunikira kanyali ka chitini ka palafini, kofanana ndi koloboyi wathu, ali pamwamba pa phiri n'kumaona mzinda ukunyezimira kumunsi.

Nyimbo ndi gule wa samba zinabadwira m'nyumba za anthu amenewa. Pafupi ndi bwalo la Praça Onze pankakhala amayi ochokera ku Bahia, chigawo china cha Brazil, amene aliyense ankawatchula kuti azakhali. Wotchuka kwambiri anali Hilária Batista de Almeida, Tia Ciata, amene anafika ku Rio mu 1876 n'kumagulitsa zokoma zophikaphika mumsewu atavala zoyera. Akuluakulu amasimba kuti m'nyumba mwake munali magawo. Pabalaza pankalira zitoliro ndi magitala, nyimbo zimene wapolisi akanazilekerera. Mkati munali samba. Kuseri kwenikweni, pabwalo la dothi, kunali ng'oma ndi mapemphero a chipembedzo cha Candomblé, kumene kandulo imayatsidwa pansi popereka ulemu kwa mizimu yotchedwa orixá, uliwonse ndi mtundu wake: woyera wa Oxalá, wachikasu wa Oxum, wofiira ndi woyera wa Xangô. Munthu akamalowa mkati kuwala kunkachepa, ng'oma n'kumakula. M'nyumba imeneyi ndi mmene munapekedwa nyimbo ya Pelo Telefone, imene woimba Donga anakailembetsa mu 1916. Lamulo la 1890 loletsa uchigandanga ndi kuyendayenda linkagwiritsidwa ntchito pomanga oimba, moti kungopezeka ndi kang'oma ka m'manja kunali kokwanira kugona m'chitokosi.

Anthu akuda atayamba kutuluka ndi magulu awoawo pa Carnaval, poyamba magulu otchedwa rancho, kenako masukulu a samba, anayenera kusenza okha kuwala kwawo. Sukulu ya samba si ya makalasi ndi choko, ndi bungwe la anthu a dera limodzi limene limakonza gule wa chaka chilichonse. Yoyamba, Deixa Falar, inakhazikitsidwa ku Estácio mu 1928, ndipo chaka chomwecho kunabadwa Mangueira ya woimba Cartola, ya mtundu wobiriwira ndi wapinki. Portela, ya buluu ndi woyera, inachokera ku Oswaldo Cruz. Mpikisano woyamba wodziwika unachitikira ku Praça Onze mu 1932, wokonzedwa ndi nyuzipepala ya mtolankhani Mário Filho, ndipo inapambana ndi Mangueira.

Tayerekezani kuti muli pamenepo. Gulu la anthu mwina 100 likubwera mkati mwa chingwe chimene anyamata agwira kuti oonerera asalowerere. M'mbali mwa chingwecho muli amuna osenza mitengo yaitali, pamwamba pake atamangirira nyali. Zambiri zinali za kabaidi, zonga zimene ankagwiritsa ntchito m'migodi kale: kachitini ka zipinda ziwiri, kumwamba madzi, kumunsi timiyala totuwa. Madzi akamadontha pa timiyalato pamatuluka mpweya wonunkha ngati adyo, umene umayaka ndi lawi loyera kwambiri. Mphepo ikawomba lawi linkazima, mvula ya mu February ikagwa ndiye basi. Wosenza nyali sankavina momasuka, chifukwa akadumpha kwambiri amwaza moto pa zovala za mapepala ndi nsalu zopyapyala. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti mbendera ya sukulu ndi mayi woinyamula zikuoneka. Nyali zondandalika chonchi ankazitcha gambiarra, mawu ochokera m'nyumba za zisudzo. Lero munthu wa ku Brazil akati gambiarra amatanthauza chilichonse cholumikiza mwachinyengo kapena mongoyerekeza, waya womangidwa ndi pulasitiki, paipi yotsekedwa ndi mphira. Mawuwo anatsika ulemu, koma amakumbutsa kumene luso la kuunikira samba linayambira.

Mu 1935 boma la mzinda, pansi pa meya Pedro Ernesto, linavomereza mpikisanowo n'kuyamba kuthandiza ndi ndalama. Praça Onze inagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 polambula msewu wa Presidente Vargas, ndipo masukulu anakhala akusamukasamuka. Mu 1957 analoledwa kuvina mu Avenida Rio Branco, msewu womwe uja umene makolo awo anathamangitsidwirako (dzina la Avenida Central linasinthidwa mu 1912). Tsopano magetsi a boma anali pamwamba pawo, osenza nyali aja ntchito n'kuwathera.

Kuyambira mu 1960 m'masukulu munalowa anthu ophunzira za zisudzo. Fernando Pamplona, wokonza bwalo ku nyumba ya zisudzo ya Theatro Municipal, anapita ku sukulu ya Salgueiro n'kupambana ndi nkhani ya Palmares, mudzi wa akapolo othawa umene mtsogoleri wake wotchuka anali Zumbi. Mnzake Arlindo Rodrigues anapambana mu 1963 ndi nkhani ya Xica da Silva, mayi amene anali kapolo n'kumasulidwa. Anthu amenewa ankadziwa kuti nsalu imasintha mtundu malinga ndi nyali imene yaiunikira, ndipo ankasankha zovala poganizira ora limene sukulu idzalowe mumsewu. Arlindo ankakonda zoyera, zasiliva ndi timagalasi, zinthu zimene zimabweza kuwala kwa nyali ya mwini wake n'kukhala ngati zikuyaka zokha. Wailesi ya kanema ya mitundu itayamba ku Brazil mu 1972, kunyezimira kunasanduka chuma. Joãosinho Trinta, mwana wa ku São Luís amene anayamba ngati wovina ku Theatro Municipal, anakweza ngolo kukhala zazitali ngati nyumba zosanja, n'kuika anthu pamwamba pake. Anapambana ndi Salgueiro mu 1974 ndi 1975, kenako ndi Beija-Flor ya ku Nilópolis zaka zitatu zotsatizana, 1976 mpaka 1978. Zambiri zimene zinkaoneka ngati golide pa ngolo zake zinali mapepala onyezimira ndi zotayidwa.

Ngakhale zinali choncho, kuunikirako kunali kwa mwayi. Masukulu onse akuluakulu ankavina usiku umodzi, ndipo chifukwa cha kuchedwa, omaliza ankalowa dzuwa lili pamutu, zovala zosokedwera usiku zikuoneka zofwifwa, ovina akukomoka ndi kutentha. Mu 1983 magetsi anazima sukulu ya Caprichosos de Pilares ili pakati pa msewu. Anthuwo anapitiriza kuimba mumdima, koma oweruza sanaone kanthu, ndipo mapeto ake sukuluyo sinapatsidwe malikisi.

Chaka chotsatira kunabwera Sambódromo. Bwanamkubwa Leonel Brizola ndi wachiwiri wake Darcy Ribeiro anapempha katswiri wa zomangamanga Oscar Niemeyer kuti ajambule bwalo lokhalitsa mumsewu wa Marquês de Sapucaí, ndipo linamangidwa m'miyezi inayi yokha. Ndi msewu wa mamita pafupifupi 700, wokhala ndi mipando ya konkire m'mbali, kumapeto kwake kuli chipilala chokhota chimene aliyense amachizindikira pa kanema. Pansi pa mipandoyo anaikamo makalasi kuti ana aziphunziramo chaka chonse. Kuunikira kwa bwaloli anakukonza ndi Peter Gasper, wobadwira ku Germany koma wokulira ku Brazil, amene anagwira ntchito ndi Niemeyer pa nyumba zambiri, ndipo pambuyo pake, mu 2011, anaunikiranso chifanizo cha Khristu cha paphiri la Corcovado ndi nyali za LED. Mpikisano unagawidwa mausiku awiri. Mu 1984 Mangueira itafika kumapeto kwa msewu inatembenuka n'kubwerera, khamu la anthu likuitsatira pambuyo.

Nyali za Sambódromo zinali zoyera, zamphamvu, zofanana kuyambira polowera mpaka potulukira, ngati za pabwalo la mpira. Zinakonzedwa kuti kamera ione bwino ndi kuti woweruza aone ulusi uliwonse wosomphoka. Ubwino wake unali woti panalibe sukulu yodandaula kuti inzake inaunikiridwa koposa. Koma kwa zaka pafupifupi 40 usiku wa ku Sapucaí unali masana abodza, opanda chithunzithunzi. Wofuna kusewera ndi kuwala anayenera kukunyamula pangolo pake, monga ankachitira makolo aja, kusiyana kwake n'kwakuti tsopano pansi pa ngolo pankabisidwa jenereta. Renato Lage wa ku sukulu ya Mocidade ya ku Padre Miguel anatchuka ndi machubu a neon, ndipo anapambana mu 1990, 1991 ndi 1996. Okonda zakale ankang'ung'udza kuti ngolo zake zikufanana ndi zikwangwani za mabala, koma achinyamata anazikonda.

Amene anaonetsa bwino chimene chinkasowa anali Joãosinho Trinta yemwe uja. Mu 1997, ali ku Viradouro ya ku Niterói, anasankha nkhani ya kulengedwa kwa dziko, kuchokera mumdima kufika pa kuwala. Popeza sakanatha kuzimitsa nyali za bwalo, anapanga mdima ndi nsalu. Ngolo yoyamba, imene mwamwambo imakhala yonyezimira kuposa zonse, inalowa ili yakuda bii, ndi anthu ovala zakuda. Pambuyo pake panatsatira zoyera ndi zasiliva, ndipo maso a anthu, atazolowera chakuda chija, anaona ngati kwang'anima mphezi. Viradouro inatenga chikho chake choyamba chaka chimenecho.

Magetsi ndi zinthu zimene amapangira ngolo sizigwirizana. Ngolo ndi chitsulo, matabwa, thonje la fakitale, pulasitiki, nthenga ndi guluu, ndipo mkati mwake mumadutsa mawaya ambirimbiri. Mu 1992 ngolo ina ya Viradouro inapsa ili mumsewu anthu akuonerera. Mu February 2011 moto unabuka ku Cidade do Samba, kumene masukulu akuluakulu amapangira ngolo zawo, n'kuwononga ntchito ya Portela, Grande Rio ndi União da Ilha kutatsala mwezi umodzi kuti Carnaval iyambe. Nyali za LED zathandizako pamenepa, chifukwa sizitentha ngati mababu akale ndipo zimadya magetsi ochepa, moti kabatire kobisa m'lamba kamatha kuyatsa chovala chonse.

Mu 2021 mliri wa Covid-19 unaletsa Carnaval. Sambódromo inakhala yopanda munthu, ndipo akuluakulu a mzinda anaiunikira ndi mitundu ya masukulu pokumbukira amene anamwalira. Anthu anaonera pa kanema msewu wopanda ng'oma ukusintha kuchoka pa buluu wa Portela kupita pa wofiira wa Salgueiro. Pambuyo pake bwaloli linaikidwa nyali zatsopano, mazanamazana, zotha kutembenuka, kusintha mtundu ndi kuzima pakamphindi, zonse zoyendetsedwa pa kompyuta. Mu 2023 chikho chinapita ku Imperatriz Leopoldinense ndi nkhani ya chigawenga cha kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, Virgulino Ferreira da Silva, amene anaphedwa mu 1938. Dzina lake lotchuka, Lampião, limatanthauza nyali, ndipo amati analipeza chifukwa ankaombera mofulumira moti kamwa ya mfuti yake inkawala usiku osazima. Koma ndi mu 2024 pamene sukulu iliyonse inapatsidwa ufulu wonse woyendetsa nyali za bwalo pa nthawi yake.

Ntchitoyo imayenda chonchi. Wokonza nkhani ya sukulu, amene amamutcha carnavalesco, amakhala pansi ndi katswiri wa nyali miyezi ingapo Carnaval isanafike. Amagawa msewu m'zigawo, popeza sukulu ya anthu 3,000 kapena kuposa imatalika moti mutu ukamatuluka mchira umakhala usanalowe. Chigawo chimene muli ngolo ya pansi pa nyanja chikhoza kukhala chabuluu pamene chakutsogolo kwake chili chofiira. Oimba ng'oma, amene amakhala oposa 200, ali ndi kaluso kosiya kuimba mwadzidzidzi, anthu n'kumaimba ndi pakamwa pokha, kenako ng'oma zonse n'kugwa pamodzi. Woyendetsa nyali amadikira pomwepo: ng'oma zikaima amazimitsa, zikabwerera amayatsa zonse. Akachedwa ndi sekondi imodzi, bwalo lonse limadziwa. Zovala zina amazipaka utoto umene umaoneka wamba pa nyali yoyera koma umayaka mumdima. Kutatsala masiku ochepa amayesa nyali ndi zokuzira mawu, ndipo amayi ovala zoyera a zipembedzo za makolo amatsuka msewuwo ndi madzi onunkhira, masamba ndi matsache.

Mu 2024 inapambana ndi Viradouro, ndi nkhani ya Dangbé, njoka yopatulika imene amailemekeza ku Ouidah m'dziko la Benin, ndi mmene chipembedzo chake chinaolokera nyanja kupita ku Bahia. Wokonza wake anali Tarcísio Zanon. Kutsogolo kwa sukuluyo chinjoka chachikulu chinkakwawa pansi pakati pa ovina, nyali zitachepetsedwa, ndipo popeza Viradouro inali yomaliza, mchira wa gulu unatuluka kunja kukuyera. Zanon anasankha mitundu ya zigawo zomaliza akudziwa kuti idzakumana ndi m'bandakucha. Nzeru ya Pamplona ija inagwira ntchito limodzi ndi kompyuta.

Walira mvula walira matope. Mdima umene masukulu anaulakalaka wabwera ndi madandaulo ake. Oonera pa kanema ena amati chithunzi chimada kwambiri. Osoka zovala, amene amatha miyezi akumata mikanda umodziumodzi, amaona ntchito yawo ikudutsa pamaso pa anthu itamizidwa mu buluu. Woweruza nayenso sangachotse malikisi pa chovala chong'ambika chimene sanachione, ndipo sukulu yochenjera ikhoza kubisa umphawi wa ngolo yake pozimitsa nyali. Ine mbali imene imandikhudza ndi ya anthu wamba a m'gulumo. Mayi wa ku Madureira amene wasunga ndalama chaka chonse, kapena wapita ku maphunziro a gule mlungu uliwonse kuti apatsidwe chovala, amakhala mumsewumo mphindi zosakwana 40. Akufuna kuti mwana wake amuone ali pamipando. Masukulu amene amaigwiritsa bwino ntchito mphamvu yatsopanoyi ndi amene amazimitsa pang'ono, pa ngolo imodzi kapena pa kuima kwa ng'oma, kenako n'kuyatsa zoyera pamene pakudutsa gulu la baianas, amayi achikulire ovala masiketi otambalala amene lamulo la mpikisano limati asasowe m'sukulu iliyonse, pokumbukira Tia Ciata ndi azakhali anzake. Amayi amenewa akamazungulira onse pamodzi safuna thandizo la utoto woyaka mumdima.

Kuyambira mu 2025 masukulu 12 a gulu lapamwamba amavina mausiku atatu, Lamlungu, Lolemba ndi Lachiwiri, anayi usiku uliwonse, ndipo zotsatira zimawerengedwa Lachitatu la Phulusa. Doko la Valongo, limene linafukulidwa mu 2011 n'kulembedwa ndi UNESCO mu 2017, lili pamtunda woyenda pansi kuchokera ku Cidade do Samba. Amene mukufuna kudzaonera pa intaneti mudzatchere alamu, chifukwa sukulu yoyamba imalowa cha m'ma 10 koloko usiku nthawi ya ku Rio, pamene kwathu kuno ili 3 koloko m'bandakucha.